Chotupa cha pa Mutu wa Charmaine

1

"Tchula dzina la mwamunayo kuti mwanayu achire."

Anatero apongozi anga, mayi Esnat, ataima pakhomo pathu masanasana, komboni yonse ili tcheru. Azimayi amene ankatunga madzi pampopi anaiwala zidebe zawo zikusefukira.

Ine ndine Lestina. Ndinabadwira pa famu ya fodya ku Raffingora, ndipo ndinakwatiwa pa famu yomweyo. Agogo anga anachokera ku Dedza kalekale, koma ine ku Malawi sindinapondeko. Mwamuna wanga Lazalo ankayendetsa lole yonyamula mabelo a fodya kupita ku Harare, ndipo nyumba imene tinkakhalamo inali ya ntchito yake. Ine ndinkasankha fodya m'shedi nyengo yake ikakwana. Mwana tinali naye mmodzi, Charmaine, wazaka zisanu.

Matenda ake anayamba mosaopsa. Pamwamba pa khutu lamanzere panatuluka kachigamba kotuwa ngati pathiridwa phulusa, tsitsi la pamenepo lili loduka-duka. Ankakanda, ine n'kumapaka mafuta odzola. Kenako pamalopo panafiira n'kuyamba kutukumuka, mpaka panakula ngati theka la peyala. Ukagwira pankawofoka ngati papaya lakupsa. Ukadina pang'ono, mafinya ankatuluka m'timabowo tambirimbiri, ndipo tsitsi linkangotsalira pansalu. Pamwamba panauma nkhanambo zachikasu. Kuseri kwa khosi kunatuluka anabere.

Ku kiliniki ya pafupi anati ndi chithupsa, n'kutipatsa mapiritsi. Mapiritsi anatha, chotupa chili pomwepo.

Apa m'pamene apongozi anga anabwera ndi yankho lawo.

2

Akuluakulu athu amati kholo likayenda njira yakumbali, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo kapena kudzanyamula mwana, mwanayo amadulika. Amatupa, amafooka, mwina kufa kumene. Amati mdulo. Lamulungu tonse timaimba kwaya, koma mwana akatupa zakalezi zimadzuka.

"Amayi, ine sindinayendepo ndi mwamuna wina," ndinatero nditagwada.

"Nanga amene anakukweza panjinga uja ndani?"

Ankanena a Marcelino, bambo wachikulire wosonkhezera moto m'mabalani a fodya, amene mkazi wawo anamwalira kale. Tsiku limene ndinkapita ku kiliniki anandipeza ndikudzandira ndi mwana kumsana, n'kutikweza panjinga yawo. Mlandu wawo unali womwewo.

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Anali atakhala pa tayala lakutha pambali pa nyumba, akutokosa m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi.

"Bambo a Charmaine, inu simuyankhulapo?"

Sanadzutse mutu. "Amayi aona zambiri, mayi a Charmaine. Ngati chilipo chimene unachita, ingonena tithane nazo."

Mawu amenewa anandiwawa kuposa kukuwa kwa amayi ake.

Kuchokera tsiku limenelo apongozi anasamukira m'nyumba mwathu. Anandiletsa kuphika, anandiletsa kugwira mchere. Sadza, nsima ya kuno, ndinkadyera pandekha kukhonde. Ndikamadutsa pampopi nkhani zinkaduka, ndikapitirira n'kumva kuseka kumbuyo.

Manyazi ndikanawapirira. Chimene chinkandidya chinali chakuti akandithamangitsa ndilowera kuti. Makolo anga onse ali m'manda a pa famu pomwepo. Mudzi ndilibe. Ndipo ndinkadziwa kuti mwana sadzandilola kupita naye.

3

M'mawa wina, Lazalo ali paulendo, apongozi anamanga duku n'kutenga ndodo yawo.

"Popeza wauma mutu, ndikukatenga sekuru, sing'anga uja wa pa famu ya kutsidya. Adzang'ambe chotupachi ndi lezala, magazi oipawo atuluke, athiremo mankhwala. Usachoke pano."

Charmaine anamva mawu akuti lezala. Anandigwira chitenje ndi manja onse awiri.

"Amayi, asandicheke."

Ndinadikira mpaka apongozi atazimiririka kuseri kwa mabalani. Ndinamufunditsa mwana kansalu kumutu, n'kumubereka ngakhale anali wamkulu kale, miyendo yake ikundimenya m'ntchafu. Sindinadzere pageti. Ndinadutsa m'munda wa chimanga mpaka kumsewu, mtima ukugunda ngati ndaba mwana wa eni ake.

M'kombi yopita ku Chinhoyi fungo la bala linadzaza galimoto. Mayi amene anakhala pafupi nane anatsegula windo n'kutembenukira kunja. Sindinamuimbe mlandu.

4

Mwayi wanga unali wakuti tsikulo linali Lachinayi, tsiku limene dokotala wa matenda a khungu amaona odwala pachipatala cha ku Chinhoyi. Anali mayi wamfupi wovala magalasi, wosathamanga poyankhula.

Anavala magolovesi n'kunyowetsa kansalu kaja kuti kamatuke bwino. Anadina m'mbali mwa chotupa mofatsa. Anapapasa kuseri kwa khosi. Anakoka tsitsi limodzi la pamphepete, ndipo linangozuka, mwana osalira. Kenako anayendayenda ndi zala m'mutu monse mpaka anapeza zigamba zina zing'onozing'ono kunkhongo zimene ine sindinazione.

"Taonani apa, mayi. Mukuona timadontho takudati? Limeneli ndi tsitsi lothyokera pakhungu penipeni. Chisanatupe panali potuwa chonchi?"

"Eya, adokotala."

"Ankakanda?"

"Kwambiri."

"Mapiritsi a chithupsa anathandiza?"

"Ngakhale pang'ono."

Anagwedeza mutu. "Ichi si chithupsa. Chithupsa chimakhala ndi thumba la mafinya, ukaboola chimaphwa. Ichi mukaching'amba simupezamo thumba, mungomuwonjezera bala ndi chipsera. Ndikuganiza kuti ndi chipere chomwe mumachidziwachi, kungoti chalowa m'mizu ya tsitsi, ndiye thupi la mwana likulimbana nacho mwaukali mpaka kutupa. Chikafika pamenepa timati keriyoni. Koma tiyeni titsimikize."

Anapala timamba ta m'mphepete n'kuzula timatsitsi tingapo ndi kachitsulo kopanira, n'kutumiza zonsezo kukapimidwa. Tinadikira panja mpaka dzuwa litapendeka. Atatiitananso anati m'tsitsimo mwaonekadi tizilombo ta chipere, ndipo zina azisunga kuti zimere adziwe mtundu wake. Analemba mankhwala akumwa kwa milungu yambiri, omwera pamodzi ndi mkaka kapena chiponde, komanso sopo wamadzi wotsukira m'mutu.

"Zopaka zokha sizifika kumizu," anatero. "Ndipo musasiye chikayamba kuphwa."

Ndinaimirira, koma ndisanatuluke ndinafunsa.

"Adokotala, kodi matendawa angabwere chifukwa cha khalidwe la mayi wa mwana?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wakuuzani zimenezo ndani?"

Misozi inayankha yokha.

"Tamverani, mayi. Matendawa amayenda pa chipeso, pa chipewa, pa pilo, pa makina ometera. Ena amawatenga kwa mphaka, galu kapena thole la ng'ombe. Muli ndi ziweto?"

"Ayi."

"Anayamba sukulu?"

"Sanayambe."

"Amamumeta ndani?"

"Bambo ake. Ali ndi makina awo a batire, koma sabwereketsa munthu."

"Mukamadzabweranso mudzawatenge, ndidzakuonetseni katsukidwe kake. Bambo akenso adzabwere ndidzawaone m'mutu."

5

Nditafika pa komboni ndinapeza zinthu zitaipa. Atandisowa, anthu anati ndathawa ndi a Marcelino. Anzake a Lazalo anakawakoka ku balani n'kuwamenya kuti aulule kumene andibisa. Ndinakumana nawo panjira, mlomo uli wotupa, diso limodzi litatsekeka.

"Mwana ali bwanji, mayi a Charmaine?" anafunsa.

Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Kunyumba ndinafotokoza zonse zimene dokotala ananena. Apongozi anaseka mwachipongwe.

"Chipere tonse tinadwalapo. Unaona liti chipere chotupa ngati mutu wachiwiri?"

Lazalo anali atabwerako, ndipo ankangomvetsera mwakachetechete mpaka nditatchula makina ometera. Apo anadzuka ngati walumidwa ndi chinkhanira.

"Makina anga alowa bwanji m'nkhani imeneyi?"

"Akuti ndikawaonetse basi. Inunso akukufunani."

"Ine sindikudwala. Ndipo makina angawo usawagwire."

M'mawa mwake pawindo pamene ankakhala makinawo panali popanda kanthu. Ndinadabwa. Munthu amene sanakwiye pomva kuti mkazi wake ali ndi chibwenzi, akukwiyiranji makina ometera?

Mankhwala anayamba kugwira, koma pang'onopang'ono. Mafinya anachepa, anabere anayamba kuphwa. Apongozi anati ndi mphamvu ya mizu imene ankafukiza m'nyumba. Mlandu wanga sunafe ayi. Apongozi anakausiya kwa akulu a mpingo, ndipo akuluwo anagwirizana zodzauzenga Lamulungu lina mapemphero akatha. Mkazi wa mmodzi wa akuluwo anandinong'oneza kuti ndingovomera, andikhululukira. Anati ndikakana adzati ndine wosalapa.

Tsiku lobwerera kuchipatala litakwana, Lazalo anali kubafa, buluku lake lili pachingwe. Ndinasolola makiyi a lole m'thumba. Makina ndinawapeza pansi pa mpando wa dalaivala atakulungidwa m'thaulo. Anali ofiira, chogwirira chake chosweka, chomangidwa ndi mphira ya chubu. Ndinawaponya m'chikwama, n'kubweza makiyi iye akuimbabe nyimbo kubafako.

6

Pa benchi la kuchipatala ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachishona, wocheperapo kwa ine, ali ndi kamnyamata ka zaka ngati zinayi. M'mutu mwa kamwanako munali zigamba zotuwa zingapo, koma zosatupa. Mzere unali wautali, ndiye tinayamba kucheza. Chishona ndimachiyankhula ngati Chichewa, monga tonse obadwira m'mafamu.

Anati dzina lake ndi Maidei, amagulitsa tomato ku Banket, ndipo mwanayo ndi Reason.

"Wanuyu chamuzunza," anatero akuyang'ana Charmaine. "Wangayu chinayamba kale, mvula isanagwe, koma poti samamva kuwawa ndinangochisiya. Zopaka zakanika, ndiye anditumiza kuno."

"Bambo ake sanakuperekezeni?"

"Ndi a dalaivala. Amangotiona akamadutsa."

Nesi anatuluka n'kunena kuti aliyense akonzeretu khadi lake. Ndinayamba kufufuza m'chikwama. Khadi linali pansi, ndiye ndinatulutsa makina aja n'kuwaika pamiyendo.

Kamnyamata kaja kanalumpha pabenchi.

"Mhamha, muchina wababa!" Kankati makinawo ndi a bambo ake.

"Iwe, khala pansi," anatero Maidei akuseka mwamanyazi. "Makina amafanana."

Kenako anawayang'ana. Kuseka kunathera pakamwa. Anatambasula dzanja n'kugwira mphira ija ndi chala chimodzi.

"Mwawatenga kuti makinawa?"

"Ndi a mwamuna wanga."

"Mphira iyi ndinamanga ndine," anatero motsitsa mawu. "Reason anawagwetsa pa simenti."



"Bambo a mwanayu dzina lawo ndani?"

"Lazalo. Amayendetsa lole ya fodya ya ku Raffingora. Anandiuza kuti mkazi wawo anawathawa kale, anapita ku Joni."

"Mkazi wawo ndine. Uyu ndi mwana wawo."

Maidei anaphimba nkhope ndi manja. Ine sindinalire. Ndinkangoona ana awiri aja atayamba kale kusewera ndi chitsekero cha botolo pansi, mitu yawo yodwala itagundana. Makutu awo anali ofanana.

"Koma zingatheke bwanji?" anatero Maidei. "Amayi awo akanandiuza. Gogo Esnat amabwera kwathu. Dzina lakuti Reason anatcha ndi iwo."

Apa m'pamene ndinamva ngati benchi lachoka pansi panga. Mayi amene anandigwaditsa pamaso pa komboni yonse, amene anafuna kung'amba mutu wa mdzukulu wawo ndi lezala, ankadziwa zonse.

Nesi ataitana dzina la Charmaine, ndinagwira Maidei padzanja n'kulowa naye. Dokotala anaona mitu yonse iwiri, anaona makina, anationa ife. Sanafunse zambiri.

"Sindingalumbire kuti njira yake ndi imeneyi," anatero, "chifukwa chipere chili paliponse. Koma ngati mnyamatayu anayamba kudwala, ndipo onse amametedwa ndi makina amodzi osatsukidwa, musayang'ane kutali. Matenda ndi amodzi, kungoti thupi la mtsikanayu lawalandira mwaukali."

7

Kunyumba sindinanene kanthu. Lazalo atafunsa za makina ndinati atsala kuchipatala. Anandiyang'ana mokayika, koma anaopa kufunsa zambiri.

Lamulungu lija, mapemphero atatha, akulu a mpingo anakhala pa mabenchi kuseri kwa shedi imene tinkapemphereramo. Anthu amene sanaitanidwe anadzaza m'mbali. A Marcelino anawakhazika pa njerwa kutsogolo. Ine ndinakhala pansi.

Apongozi anayankhula nthawi yaitali. Anatchula njinga, anatchula kuthawa kwanga, anatchula kutupa kwa mwana. Atamaliza, mkulu wa mpingo anatembenukira kwa ine.

"Mayi a Charmaine, pamaso pa Mulungu ndi pa anthu awa, kodi m'banja mwanu mwalowa munthu wina?"

"Eya, walowa."

Anthu anang'ung'udza. Apongozi anawomba m'manja kamodzi.

"Mutchuleni."

"Sindichita kutchula. Ndi uyo akubwera apoyo."

Maidei anali atatsika kombi pageti monga tinapanganira, ndipo ankabwera m'kanjira ka pakati pa nyumba atagwira mwana padzanja. Reason ataona Lazalo anapulumuka m'manja mwa mayi ake.

"Baba! Baba!"

Anathamanga n'kukamukumbatira miyendo. Lazalo anauma ngati chitsa. Mwanayo ataona kuti bambo ake sakumunyamula, anayang'ana uku ndi uku, n'kuona nkhope ina yodziwika.

"Gogo!"

Manja a apongozi anga anamulandira okha, monga anazolowera. Atazindikira chimene achita, mwana anali kale pamiyendo pawo.



Ndinaimirira n'kuvula kachipewa ka Charmaine. Ndinauza anthu kuti ayang'ane mitu ya ana awiriwo. Ndinafotokoza zimene dokotala anapeza, ndi za makina amene ankameta ku Banket n'kudzametanso kuno. Kenako ndinatembenukira kwa apongozi.

"Amayi, munkadziwa. Munandiletsa kuphikira mwana wanga akudwala, mukudziwa."

Anayamba kulira ngati kamwana.

"Nditaona mwana watupa ndinachita mantha," anatero. "Ndinadziwa kuti mdulo walowa m'nyumba. Koma Lazalo ndi mwana wanga mmodzi yekha. Ndikanamutchula bwanji?"

"Ndiye munatchula ine."

Mkulu wa mpingo anafunsa Lazalo ngati ali ndi mawu. Anangoti, "Satana anandinyenga." Maidei anamulavulira pafupi ndi nsapato, n'kunyamula mwana wake.

A Marcelino anadzuka pa njerwa paja, anasasa fumbi kubuluku, n'kufunsa ngati angapite kukaona moto ku balani. Palibe amene anawapepesa tsiku limenelo kupatula ine.

8

Akulu anandipempha kuti ndikhululuke banja lipitirire. Ndinakhala mpaka Charmaine atamaliza mankhwala ake, kenako ndinamanga katundu. Panalibenso wolimba mtima wondiletsa kutenga mwana. Tsopano ndili ku Tengwe, ndimasankha fodya pa famu ina, ndipo kachipinda kamene timagonamo anandipatsa chifukwa cha ntchito yanga.

Charmaine anachira. Tsitsi linamera, kupatula kamalo kakang'ono pakati penipeni pamene panatupa kwambiri. Dokotala anati tikanafika msanga mwina pakanamera ponse. Ndimamuluka mopaphimba, koma ine ndimadziwa pamene pali.

Lazalo amaimba foni, ine ndimamupatsa mwana wake ayankhule naye. Maidei anamutsekera chitseko. Apongozi anatumiza uthenga kuti akudwala ndipo akufuna kundiona. Mpaka pano sindinaganize chochita, ndipo sindikunamizani kuti mtima wanga unayera.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga a m'makomboni, mwana akatuluka chigamba chotuwa m'mutu, tsitsi likuthothoka, musadikire kuti chitupe. Chikatupa n'kumatuluka mafinya m'timabowo, musalole munthu kuyandikira ndi lezala. Pitani naye akamuone, akapime tsitsilo. Ine ndinataya milungu yambiri ndikuyankha mlandu mwana wanga akuvunda mutu. Onse ankafunsa kuti walakwa ndani, ndipo amene ankafunsa mokweza kwambiri ndi amene ankadziwa yankho. Munthu woyamba kufunsa kuti mwanayu akudwala chiyani anali mlendo wovala magalasi.

Chinthu chimodzi chokha ndinalumbira, kuti mwana wanga sadzakulira m'bodza ngati limene ndinakhalamo ine. Posachedwa, ndikumuluka tsitsi pakhonde, anandifunsa mwadzidzidzi.

"Amayi, kamnyamata kaja kanati baba kwa adadi, ndi ndani wanga?"

Manja anga anaima. Bodza linali pafupi, ndipo akanalikhulupirira.

"Ndi mlongo wako," ndinatero. "Dzina lake ndi Reason."

Anaganiza pang'ono.

"Nayenso mutu wake unapola?"

"Unapola."

"Ndiye tidzapite tikamuone."

Ndinamuuza kuti tidzapita fodya akatha. Maidei ndamuimbira kale, akutidikira.